Bomba Lachinayi la a Tchesa

Chaka cha 1999, ine ndili ndi zaka 71, tinaika m'manda alamu anga, a Zakeyo Mkanthama, kwawo ku Nathenje. Dzina limeneli ambiri sankalidziwa. Ankawatchula a Tchesa, chifukwa ndi mawu amene ankakuwa poyatsa chingwe cha bomba, monga anaphunzirira kumigodi ya ku Joni. Pamaliro mlaliki anati anali munthu wofatsa. Limenelo ndi bodza. Ndalemba izi kuti bodzalo lisatsale lokha.

Anakwatira mlongo wanga Nasitaziya, nakhala pachikamwini m'mudzi mwathu, kumwera kwa Mitundu. Ntchito yawo inali yophulitsa miyala pakwale pa Nathenje, ndipo kumudzi ankabwera Loweruka pa njinga. Anali munthu wamfupi, wouma thupi. Khutu lakumanzere linafera ku Joni. Kaya kutenthe bwanji, ankavala jekete lakuda lomanga mabatani mpaka pakhosi, ndi jombo zokhala ndi chitsulo kutsogolo. Ngakhale ife amuna anzawo sitinaonepo chifuwa chawo. Kumtsinje ankasamba okha, kumtunda, kuseri kwa bango.

Sankadziwa kukhala pansi. Pampando ankakhala ndi thako limodzi. Akalowa m'nyumba ya munthu, maso ankayamba ayendera pamene pali nyali, pamene pali botolo la palafini, pamene pali khomo. Moni ankabwera pambuyo. Mlongo wanga ankati anakwatiwa ndi mphepo.

Alamu ankati anthu amayesa kuti kuphulika n'kumodzi, phuu basi, pamene kuli ndi mafuko ngati anthu. Mbuluuli m'phale, tayala lopopedwa mopitirira, diramu la kachasu likatsekeka paipi, mwala wa kumtsinje ukaikidwa pamoto, zonsezi ankati ndi za mimba imodzi. M'kati muli nthunzi kapena mpweya wofuna kutuluka, khomo palibe, ndiye umadziboolera wokha. Fuko lina ndi la fungo. Diramu lodzaza petulo limangoyaka, koma lopanda kanthu ndi limene limadula mutu, chifukwa fungo lasakanikirana ndi mpweya ndipo likungodikira kamoto. Ankanenanso kuti ufa wouluka m'chigayo chotseka mawindo ungathe kugwira moto nthawi imodzi ngati onga. Zimenezo ine sindinazionepo, ndipo ndinkawauza pamaso.

Ndiye panali dainamaiti, wa ntchito yawo. Ameneyu ankamulemekeza ngati apongozi. Ankati petulo amapempha mpweya kunja, koma dainamaiti amayenda ndi mpweya wake ndi moto wake m'mimba. Akadali watsopano ndi waulemu, amadikira kuti umuitane. Akakalamba amatuluka thukuta, mtima n'kukhala pachala, ndipo sadikiranso munthu.

Akanakhala kuti ankangonena, bwenzi zili bwino. Koma ankagwira zinthu za eni. Pamsika wa Mitundu anapeza mnyamata wowotcherera akufuna kudula diramu la petulo ndi moto. Analikankha ndi jombo mpaka linagubuduka kukalowa mumngalande.

"Dzaza madzi kaye, iwe!"

"Madala, diramu ndi langa, mutu ndi wanga."

"Mutu ndi wako, inde. Koma ukagwera m'tomato wa mayi awa. Adzagula ndani?"

Pa ukwati wa mwana wanga anaona kuti mafuwa amene amayi anaikapo diramu la thobwa anali miyala yosalala ya kumtsinje. Sanafunse munthu. Anasolola nkhuni, nagwedeza fuwa limodzi ndi mtengo, thobwa lonse khuthu pansi. Palibe mwala umene unaphulika. Alendo a kuchimuna anabwerera kukhosi kuli gwaa. Ine ndi iwo sitinalankhulane dzinja lonse. Vuto lawo linali limeneli: zinthu zambiri zimene ankaloza sizinkaphulika. Anthu anatopa nawo.

Chitsime chinayamba m'chilala cha 1992. Zitsime za kudambo zitauma, tinakumba chatsopano kuseri kwa khola langa, pamene panamera mkuyu. Titafika kuya kwa anthu atatu oimirirana pamapewa, khasu linagunda thanthwe. Alamu anakapempha kwa bwana wawo, nabwera ndi timitengo tinayi ta dainamaiti m'bokosi la utuchi. Analowa okha, naboola maenje anayi ndi chitsulo ndi hamala. Atatha, anatithamangitsa tonse kukabisala kuseri kwa chulu. Anakuwa mawu awo aja, nayatsa, nabwera chothamanga. Atafika pachulu anavula jombo yakumanja, naponda pansi ndi phazi losavala. Chinali chizolowezi chawo pa kuphulitsa kulikonse.

Chinalira. Fumbi linakwera kupitirira mkuyu. Amayi anaimba nthungululu, ana n'kumakuwa kuti anayi, anayi. Iwo anangoima, jombo ili kumanja.

"Atatu," anatero.

"Alamu, anayi. Tonse tamva."

"Chachinayicho ndi phiri labweza mawu."

"Inu agonthi mungatiphunzitse ife kumva?"

"Khutu ndi la miseche, alamu. Bomba timamvera kuphazi. Nthaka yandimenya katatu."

Ine ndinamva anayi. Mpaka lero khutu langa likuti anayi.

Anati limodzi lagona. Bomba logona, malinga ndi iwo, ndi limene lili loipa kuposa mafuko onse aja, chifukwa enawo amaoneka, koma ili limakhala chete pansi pa zibuma, kudikira khasu kapena moto. Mankhwala ake ndi amodzi: kuika lina pambali pake n'kuliyatsa, kuti litenge mnzake. Anati abwera nalo Loweruka lotsatira. Sanabwere nalo. Kwale inagulidwa ndi anthu ena, achikulire onse anauzidwa kuti akapume, kiyi wa nyumba ya mabomba analandidwa. Anayenda m'maofesi a m'tauni kukafotokoza. Anali masiku a riferendamu, mitima ya anthu inali kwina. Ankauzidwa kuti abwerenso. Anabwereranso mpaka tayala la njinga linatha.

Pamenepo anadula mitengo, naiyala pakamwa pa chitsime, naunjikapo minga, nalamula kuti munthu asayandikire. Mvula itagwa, za kudambo zinadzaza, ndipo anthu anaiwala.

Chaka chomwecho Nasitaziya anamwalira. Miyambo itatha tinawasudzula alamu monga mwa chikhalidwe, nabwerera kwawo ku Nathenje. Ana anatsala kwathu, poti ndi athu. Mkamwini alibe mawu ambiri pamudzi ngakhale mkazi ali moyo. Wosudzulidwa ndiye alibiretu. Koma iwo sanasiye kubwera. Timangoona fumbi la njinga, jekete lakuda lija, dzuwa lili pamutu. Sankalowa m'nyumba. Ankapita molunjika kuchitsime, kukonza minga, kukalipira ana a mbuzi ndi a anthu omwe, kuvula jombo n'kuima pamwala wina wafulati pambali pake. Kenako ankamwa madzi kwa mwana wawo Esinati ali chiimire, n'kukwera njinga. Nthawi zina ankafika ku Nathenje, tulo n'kukana, m'mawa n'kubwereranso kudzaona ngati mphepo sinachotse minga.

Anthu anayamba kulankhula. Ena ankati anakwirira ndalama za ku Joni m'menemo. Ena ankati anatseka madzi ndi mankhwala chifukwa chowawidwa mtima powasudzula. Iwo ankamva ndi khutu lawo limodzi lija, n'kumangokonza minga yawo.

Mu 1995 mvula inadula msanga. Pofika Okutobala amayi ankalawira ku Diamphwe n'kubwera masana ndi ndowa imodzi ya madzi amatope. Ana ankatsegula m'mimba. Gibisoni, mwana wa mlongo wanga wamng'ono, anali atangobwera kuchokera ku esiteti ya fodya, ndipo anali ndi mawu ambiri. Anapanga komiti ya madzi. Anaitanitsa msonkhano pansi pa mkuyu. Alamu sanaitanidwe, koma anafika.

"Nkhani ndi yaifupi," anatero Gibisoni. "Atatu kapena anayi? Tivote. Amene anamva anayi akweze mkono."

Mikono inakwera yonse, ngakhale ya anthu amene chaka chimenecho anali ku Kasungu. Ine ndinakweza. Ndinamva anayi, ndipo mbumba yanga inali ndi ludzu.

"Bomba silivota, mwana iwe," anatero alamu.

"Bambo aakulu, nthawi yoopsezana inatha. Ino ndi demokalase."

"Kaliuze lenilelo. Lili pansipo, likumva."

"Ngati muli ndi kanthu kanu m'menemo, kachotseni usiku, sitikuonani," anaponyapo mayi wina, anthu n'kuseka.

Alamu anatembenukira kwa ine. "Alamu, inu ndiye eni mbumba. Ndipatseni mpaka mvula igwe."

"Mwakhala ndi zaka zitatu," ndinatero. "Anthu sangamwe mantha anu."

Anyamata anachotsa minga ndi mitengo. Analowa, natulutsa zibuma ndi manja, ndi zitini. Palibe chinachitika, ndipo chiseko chinakula. Pansi anapeza thanthwe lija lili ndi ming'alu, m'ming'alumo muli chinyezi. Madzi anali pafupi. Maenje a alamu anali atadzaza dothi, osaoneka. Dainamaiti panalibe, choncho tinagwirizana kuchita mmene makolo ankaswera thanthwe, ndiponso mmene oswa miyala a m'mbali mwa msewu amachitira mpaka lero: kuunjikapo nkhuni ndi zitsononkho, kusonkha moto mpaka mwala ufiire, kenako kuthirapo madzi ozizira nthawi imodzi kuti usweke. Kuti moto ukhalitse amaonjezerapo matayala akutha.

Tinasankha tsiku limene tinamva kuti alamu akupita ku Nkhoma kukaonetsa diso. Gibisoni analakwitsa chinthu chimodzi. Matayala anakawagula ku Nathenje, kwa womata matayala amene ankacheza ndi alamu. M'mawa wa tsikulo, iwo ali pasiteji kudikira galimoto, womatayo anawauza mocheza kuti mwana wanu wa ku Mitundu wandithandiza, wanyamula zinyalala zanga zonse. Alamu sanafunse kuti zikagwira ntchito yanji. Amene wakhala pakwale amadziwa. Anasiya ulendo wa ku Nkhoma, nakatenga njinga.

Moto tinayatsa m'mawa. Pofika masana utsi wakuda unali tolotolo, ngati mtengo. Ine ndinali nditabwera ndi ngolo yanga kuchokera ku Diamphwe ndi madiramu awiri a madzi, ndipo ndinaimika ng'ombe zanga, Bantomu ndi Sitima, pafupi ndi chitsime. Amayi anatunga m'madiramumo naima mozungulira pakamwa, aliyense ndi ndowa yake, kudikira kuti Gibisoni anene kuti thirani. Ana anali m'miyendo mwawo. Esinati anali kutsogolo, mwana kumbuyo.

Alamu anatulukira kukhola. Njinga anaitaya ikuyenda.

"Thawani! Chokani pamenepo! Thawani!"

Palibe anasuntha. Ena anaseka.

"Diso lachira kale, bambo aakulu?" anafunsa Gibisoni.

Alamu anagwira mayi wina pamkono, mayiyo anawakutumula. Anathamangira kwa Esinati.

"Mwanawe, tenga mwana, thamanga."

"Ababa, mukutichititsa manyazi. Pitani mukapume."

Anandiyang'ana ine. Ine ndinayang'ana ng'ombe zanga.

Ndiye anawerama, namasula jombo. Ndinayesa akufuna kumvera nthaka monga mwa masiku onse. Anavula yachiwiri. Anamasula mabatani a jekete lija, kuyambira pakhosi. Malaya. Chifuwa chonse ndi mimba zinali zipsera zoyera, zokhwinyata, ngati munthu amene anathiridwa phala lamoto. Tsiku limenelo ndi pamene tinadziwa chimene Joni anawachita. Kenako anamasula lamba. Munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri, dzuwa lili pamutu, anatsala monga anabadwira, nayenda molunjika kumene kunali amayi, kumene kunali apongozi awo, kumene kunali mwana wawo wobereka yekha.

"Mayo! Malodza!"

Chimene kukuwa kunalephera, manyazi anachichita m'kuphethira kwa diso. Ndowa zinatayidwa. Amayi anabalalika ataphimba kumaso ndi nsalu, akukoka ana, ena kugwa n'kudzuka, osacheuka. Mkazi wa kwathu kuno angathe kuima pamaso pa moto, koma sangaime pamaso pa umaliseche wa bambo ake. Alamu ankadziwa zimenezo.

Tinatsala amuna. Ife sitikanathawa. Ndiye anatitukwana. Anayamba ndi Gibisoni, natchula ziwalo za amayi ake. Anafika pa ine, natukwana mayi anga amene anali m'manda, mawu amene sindingalembe. Atatero anatembenuka, nathamangira kuchulu kuja. Tonse tinawatsatira, wina ndi mpini, wina ndi mgwala wachitsulo wokumbira, ine ndi chikwapu cha ng'ombe. Ndikanawapeza ndine, ndikanawang'amba msana. Nkhalamba ija inathamanga ngati gwape, m'ziputu, popanda nsapato. Anatipitiriza chulu. Gibisoni ndiye anawapeza, nawamenya ndi mpini pakhutu lakumanja, iwo n'kugwa chafufumimba. Anakweza mpini kachiwiri.

Pamenepo chinayankha.

Phokoso lake sindinganene bwino. Chimene ndikukumbuka n'chakuti nthaka inandimenya kumapazi. Kamodzi. Matayala oyaka anauluka kupitirira mkuyu. Miyala inagwa ngati matalala, ina yaikulu ngati mutu wa munthu, pomwe panaima amayi paja. Chidutswa cha tayala chinagwera pa nkhokwe ya Esinati, udzu n'kugwira. Ndinamva ng'ombe ikulira kulira kumene sindinamvepo.

Mpini wa Gibisoni unali udakali m'mwamba. Alamu anatembenuka pansi pomwepo, magazi akutuluka m'khutu, nakweza zala zinayi.

"Tsopano ndiye anayi," anatero. Kenako anati, "Ndipatseni chofunda."

Ndinavula malaya anga.

Khutu lija silinamvenso. Kuyambira tsiku limenelo tinkalankhula nawo ndi manja.

Mlandu unalipo. Ena ankati tiusiye. Ine ndinakana. Munthu wavula pamaso pa mbumba ndi pa mwana wake, watukwana akufa, zimenezo sizingangopita, ngakhale chifukwa chikhale chotani. Mwambo ukaphwanyidwa lero pa chifukwa chabwino, mawa udzaphwanyidwa pa choipa. Tinagamula mbuzi. Gibisoni naye analipira nkhuku chifukwa cha khutu. Alamu anabwera nayo mbuziyo ili yomangidwa pakaliyala, yaikazi, yamawanga. Anaimangirira pamtengo wa pakhomo panga, nakuwa monga amakuwira agonthi:

"Imodzi yokha? Zatchipa, alamu!"

Kumeneko kunali kubwera kwawo komaliza. Sanapondenso ku Mitundu. Ana a pamsika anali atawapatsa kale dzina lina, a Chivule, ndipo linafika mpaka ku Nathenje. Esinati ankapita kukawaphikira, koma sankayang'anana. Ankaika chakudya pakhomo, n'kukakhala kuseri kwa chitseko, n'kudikira mbale. Zaka zinayi zinatha choncho. Onse awiri ankadziwa chimene chinachitika ndi chifukwa chake, koma diso likaona laona.

Ndinapitako kangapo. Ndinawapeza atakhala pampando pakhonde, matako onse awiri, jekete lomanga mpaka pakhosi, manja pamaondo. Njinga inali itapachikidwa kudenga, matayala ophwa. Kukaphulika bomba kukwale, mbale zinkanjenjemera m'nyumba, koma iwo sankavulanso jombo. Munthu amene sankadziwa kukhala pansi anali atakhala. Sindinganene kuti kunali kupuma. Anali ngati ng'ombe imene yamasulidwa goli itakalamba, yosadziwa kopita.

Anamwalira m'nyengo yozizira, ndi chifuwa. Mbuzi ija sindinaiphe. Inaswa, ana ake n'kuswanso. Pa maliro ndinabwereka ngolo ndi ng'ombe, ndinakwezapo mbuzi zitatu, n'kupita nazo ku Nathenje kuti anthu adye. Palibe anandifunsa chifukwa, ndipo palibe ndinamufotokozera.

Chitsime sichinatulutse madzi. Makoma ake anagumukira m'kati, thanthwe linakwiririka. Patapita zaka ziwiri anthu ena anabwera ndi makina nakumba mjigo kutsidya kwa msewu, ndipo ndi kumene timamwa. Kuseri kwa khola kwatsala dzenje losaya, lomera chisoso ndi nsenjere. Mkuyu unapsa mbali imodzi, mbali inayo umabereka. Minga palibe amaikapo, chifukwa palibe choti aitchingire. Mwala wafulati uja ulipo, pamene ankaima ndi phazi limodzi losavala. Mbuzi zimagonapo masana. Loweruka dzuwa likafika pamutu ndimapezeka ndayang'ana kunjira ya ku Nathenje. Fumbi likadzuka, amakhala kamvuluvulu.

Zimene zinatayika tsiku lija ndi izi. Ng'ombe imodzi, Bantomu, amene mwala unamuthyola msana. Sitima anatsala, koma sanalolenso goli. Ngolo imodzi ndi madiramu awiri. Ndowa khumi ndi imodzi. Nkhokwe imodzi ndi chimanga chake. Chitsime. Khutu limodzi, lomwe linali lomaliza. Dzina limodzi. Maso a mwana pa bambo ake.

Anthu, palibe.